Kusankha kampani yosunga webusaiti ya bizinesi yaing'ono

Webusaiti iliyonse imene mumatsegula pa foni imakhala pa kompyuta inayake imene sizimitsidwa usana ndi usiku. Kompyuta imeneyi imatchedwa seva. Kampani ya hosting ili ndi maseva ambiri m'nyumba zoziziritsidwa, zokhala ndi magetsi osathima komanso intaneti yamphamvu, ndipo imachititsa lendi malo pa masevawo. Eni mabizinesi ambiri akamasankha kampani yotere amayang'ana zinthu ziwiri, mtengo wa pamwezi ndi kukula kwa malo amene apatsidwe. Koma malo sakhala vuto kwenikweni. Webusaiti ya masamba 10 kapena 20 ndi zithunzi zake nthawi zambiri sifika ngakhale pa gigabyte imodzi. Mutu umadzapweteka tsiku limene webusaiti yawonongeka, kapena tsiku limene mwaganiza zosamuka. Choncho mafunso oyenera kutsogola ndi awa: zinthu zikavuta, kodi ndidzabwezeretsa zanga mwachangu? Nanga ndikadzafuna kuchoka, ndidzatuluka ndi katundu wanga yense?

Domain, hosting ndi imelo si chinthu chimodzi

Makampani ambiri amagulitsa zinthu zitatuzi pa mtolo umodzi, ndipo wogula amaganiza kuti n'chimodzi. Domain ndi dzina la webusaiti, limene anthu amalemba kuti akupezeni. Hosting ndi malo amene mafayilo anu akukhala. Imelo ya bizinesi ndi ntchito ina payokha, ngakhale imagwiritsa ntchito dzina lomwelo. Chimene chimalumikiza zonsezi ndi DNS, kaundula amene amauza makompyuta kuti dzina lakuti lili pa seva yakuti. M'kaundulamu muli mzere wotchedwa A umene umaloza ku seva ya webusaiti, ndi mzere wa MX umene umaloza kumene maimelo azifikira. Popeza mizereyi ndi yosiyana, mutha kugula domain kwina, hosting kwina, imelo kwinanso, zonse n'kumayenda bwinobwino.

Pa zitatuzi, chamtengo wapatali ndi domain. Hosting mutha kuisintha sabata ino, makasitomala osadziwa n'komwe. Koma dzina lili pa zikwangwani, pa malisiti, pa galimoto ndi m'mafoni a anthu, ndipo likatayika ndiye kuti zonsezo zikuloza kumene kulibe kanthu. Vuto lofala kwambiri ndi lakuti wokonza webusaiti amalembetsa domain m'dzina lake ndi imelo yake, mwina mosaganizira zoipa, pofuna kuti ntchito ithe msanga. Pakapita zaka ziwiri mwasemphana naye, kapena wasiya ntchitoyo, kapena sakupezekanso pa foni, ndipo kwa kampani yolembetsa domain mwini dzina ndi iyeyo, osati inu. Akaunti ya domain itsegulidwe ndi mwini bizinesi, m'dzina la bizinesi, ndipo pasiwedi ikhale m'manja mwake. Wokonza webusaiti angopatsidwa chilolezo chosintha DNS.

Mayina othera ndi .com, .net ndi .org amatsatira malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, pamene mayina a mayiko ali ndi malamulo awoawo. Pa .com, domain yongolembetsedwa kumene kawirikawiri singasamutsidwire ku kampani ina mpaka patadutsa masiku 60, ndipo posamutsa pamafunika nambala yachinsinsi yotchedwa auth code kapena EPP code, imene kampani yakale iyenera kukupatsani. Domain ikatha nthawi musanalipire, sikuti imatayika tsiku lomwelo. Pamakhala kanthawi kolipira pa mtengo wamba, kenako masiku 30 amene mungaiwombole koma pa mtengo wokwera kwambiri, kenako masiku 5 odikira, ikatero aliyense atha kuigula. Makalata okukumbutsani amapita ku imelo imene ili mu akaunti. Ngati imeloyo ndi ya wantchito amene anachoka kalekale, simudzamva chilichonse mpaka webusaiti itazima. Yatsani zoti domain izidzilipira yokha chaka chilichonse, ndipo khadi la kubanki likasintha, kasintheninso mu akauntimo. Ndi bwinonso kuti domain ikhale ku kampani yosiyana ndi ya hosting, kuti mkangano ndi mmodzi usakutsekereni zonse nthawi imodzi.

Mtundu wa hosting

Shared hosting ndi pamene mawebusaiti mazanamazana amagawana seva imodzi. Ndiyo yotsika mtengo, ndipo kwa bizinesi imene ikungofuna kuonetsa ntchito zake, mitengo, mapu ndi fomu yolumikizirana, imakwanira. Kampani ndiyo imasamalira sevayo, inu mumangolowa pa tsamba loyendetsera zinthu monga cPanel, Plesk kapena DirectAdmin.

Mawu oti "unlimited" amene amalembedwa pa malonda a shared hosting asakunyengeni. Malire alipo, kungoti ali m'chikalata cha mgwirizano chimene ambiri sawerenga. Oyamba ndi chiwerengero cha mafayilo, chimene amachitcha inodes. Chithunzi chilichonse ndi fayilo, pulogalamu yomangira mawebusaiti ya WordPress imapanga makope angapo a chithunzi chimodzi pa misinkhu yosiyana, ndipo pa maseva ambiri imelo iliyonse yosungidwa imawerengedwanso ngati fayilo. Bokosi la imelo limene silinayeretsedwe zaka zitatu litha kudzaza akaunti ngakhale malo akuoneka kuti alipo ambiri. Malire achiwiri ndi mphamvu ya CPU (ubongo wa seva), kukula kwa RAM (malo amene seva imasungamo kwakanthawi zimene ikugwirira ntchito) ndi chiwerengero cha ntchito zimene webusaiti yanu ingachite pa nthawi imodzi. Mukapyola pamenepo, alendo amaona uthenga wa 508 kapena 503 m'malo mwa tsamba lanu, ndipo izi zimakonda kuchitika tsiku limene mwatsatsa malonda ndipo anthu abwera ambiri. Musanalipire, funsani manambala enieni a zinthu zimenezi. Kampani yabwino imawalemba poyera.

Kuchuluka kwa data imene webusaiti idzatumize mutha kuwerengera nokha. Ngati tsamba limodzi ndi lolemera 2 MB, alendo ndi 3,000 pamwezi, ndipo aliyense amatsegula masamba atatu, ndiye 18,000 MB, kapena kuti pafupifupi 18 GB pamwezi. Pafupifupi kampani iliyonse imalola zoposa pamenepa, choncho musalipire ndalama zambiri chifukwa choopa data.

VPS ndi gawo la seva limene lili ndi RAM ndi CPU zakezake. Ndi yamphamvu, koma pali msampha. VPS yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala unmanaged, kutanthauza kuti mumapatsidwa seva yokhala ndi Linux yokha, pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, ndipo kuika mapulogalamu, kutseka mipata ya akuba, kukonza zikawonongeka ndi kusunga makope zonse ndi zanu. Ngati mu bizinesi mulibe munthu wodziwa ntchito imeneyi komanso wokhala ndi nthawi yoichita mwezi ndi mwezi, VPS yotere ndi yoopsa kuposa shared hosting yabwino. Pakati pa ziwirizi pali managed WordPress hosting, imene ndi yokwererapo mtengo koma kampani imakuchitirani zambiri, ndipo imayenera sitolo ya pa intaneti kapena webusaiti imene anthu amasungitsirapo malo. Seva yonse yanuyanu, yotchedwa dedicated, bizinesi yaing'ono siifuna.

Palinso makampani monga Wix, Squarespace ndi Shopify amene amapereka chida chomangira webusaiti pamodzi ndi hosting. Ndi osavuta ndipo nkhani za seva simuziganiza. Dziwani chabe kuti kamangidwe ka webusaitiyo simungakanyamule kupita nako kwina. Mawu, zithunzi ndi mndandanda wa katundu mutha kutulutsa, koma maonekedwe mudzamanganso. WordPress, imene inayamba mu 2003 ndipo ikuyendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse, imasamuka yonse kupita ku kampani iliyonse imene ili ndi mapulogalamu amene WordPress imayendera, omwe ndi PHP ndi MySQL kapena MariaDB.

Manambala a uptime ndi liwiro

Uptime ndi nthawi imene seva imakhala ikugwira ntchito. Manambala ake amaoneka ofanana koma ndi otalikirana. Lonjezo la 99 peresenti limalola webusaiti kuzima masiku atatu ndi theka pachaka. La 99.9 peresenti limalola maola pafupifupi 9 pachaka, kapena mphindi 43 pamwezi. La 99.99 peresenti limalola mphindi pafupifupi 53 pachaka chonse. Werenganinso zimene kampani imachita ikalephera lonjezo. Nthawi zambiri sibweza ndalama za malonda amene mwataya, imangochotsera kagawo ka lendi ya mwezi wotsatira, ndipo inu ndi amene muyenera kupempha m'masiku ochepa. Nthawi yokonza maseva imene yalengezedwa kale siwerengedwa. Pali mapulogalamu amene amagogoda pa webusaiti yanu mphindi zingapo zilizonse n'kukutumizirani uthenga ikazima. Ikani imodzi tsiku loyamba, kuti musamve kwa kasitomala.

Liwiro limadalira kumene kuli seva. Mu waya wa fiber, uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Seva ikakhala pa mtunda wa makilomita 10,000 kuchokera kwa kasitomala, ulendo wopita ndi kubwera umatenga gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, popanda kuchedwa kwina kulikonse, ndipo kuti tsamba litseguke pamafunika maulendo angapo otere. Choncho sankhani seva yoyandikira kumene kuli makasitomala anu, osati kumene kuli likulu la kampaniyo. Ngati makasitomala ali m'mayiko osiyanasiyana, CDN monga Cloudflare imasunga makope a zithunzi ndi mafayilo ena m'mizinda yambiri kuti zizifika msanga. Google imati gawo lalikulu la tsamba lizioneka pasanathe masekondi awiri ndi theka. Koma tinene zoona, mawebusaiti ambiri ochedwa sachedwa chifukwa cha seva. Amachedwa chifukwa cha chithunzi cha 5 MB chimene chinachoka pa kamera n'kuikidwa osachepetsedwa, ndi mapulagini (timapulogalamu towonjezera pa webusaiti) 30 amene theka lake sagwira ntchito iliyonse. Kugula hosting yodula sikuchiza zimenezo.

Backup

Apa m'pamene makampani amasiyanirana kwambiri, ndipo m'pamene wogula ayenera kufatsa. Backup ndi kope la webusaiti yanu losungidwa padera, koma mawu oti "timasunga backup" paokha sakukwanira. Funsani kuti amasunga kangati, tsiku lililonse kapena kamodzi pa sabata. Funsani kuti makopewo amakhala masiku angati. Ili ndi funso lalikulu, chifukwa webusaiti ikalowedwa ndi akuba, mwini wake kawirikawiri amazindikira patapita masabata. Ngati kampani imasunga makope a masiku 7 okha, onse asanu ndi awiriwo adzakhala ndi kachilombo komweko, ndipo kubwezeretsa sikudzathandiza. Masiku 30 ndi muyezo wabwino woyambira. Funsaninso ngati mungabwezeretse nokha podina batani kapena muyenera kulemba kalata n'kudikira, ngati pali ndalama yolipira pobwezeretsa, ndiponso ngati n'zotheka kubweza fayilo imodzi kapena database yokha popanda kufafaniza zonse.

Webusaiti ya WordPress ili ndi mbali ziwiri. Mafayilo ndi amene ali ndi zithunzi, maonekedwe ndi mapulagini. Database ndi imene ili ndi mawu a masamba, maoda, mayina a makasitomala ndi makonzedwe onse. Anthu ena amakopera mafayilo okha n'kuganiza kuti atha, tsiku la vuto n'kupeza kuti ali ndi zithunzi koma mawu onse palibe. Backup yeniyeni ili ndi zonse ziwiri, zotengedwa nthawi imodzi. Sitolo imene imalandira maoda tsiku lonse imafunika kuti database yake izikopedwa kangapo patsiku, chifukwa kope la usiku wathawu lilibe maoda a lero.

Funso lomaliza ndi lakuti makopewo amasungidwa kuti. Pa 10 March 2021 moto unawononga nyumba ya maseva ya kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg ku France. Mawebusaiti ambirimbiri anazima, ndipo makasitomala ena anataya data yawo kotheratu chifukwa makope awo anali pamalo omwewo amene anapsa. Iyi ndi kampani yaikulu, yodziwa ntchito, zomwe zikusonyeza kuti ngozi yotere ingagwere aliyense. Akatswiri amatsatira lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi enawo. Kwa bizinesi yaing'ono izi zikutanthauza kuti, kuwonjezera pa backup ya kampani, mukhale ndi kope lanu pa Google Drive, Dropbox kapena pa hard drive ya mu ofesi. Mgwirizano wa makampani ambiri umanena mosabisa kuti udindo wa data ndi wa kasitomala. Ndipo kope limene simunaliyesepo musalidalire. Kamodzi pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, libwezeretseni pa malo oyesera, amene makampani ena amawatcha staging, muone ngati masamba akutseguka.

Chitetezo ndi imelo

Satifiketi ya SSL ndi imene imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https. Kuyambira July 2018, Chrome imalemba kuti "Not secure" pa webusaiti iliyonse yopanda satifiketiyi, ndipo kasitomala akaona zimenezo amabwerera. Bungwe la Let's Encrypt limapereka masatifiketi aulere, amene amakhala kanthawi kochepa, kwa zaka zambiri akhala masiku 90, ndipo seva yokonzedwa bwino imawatenganso yokha asanathe. Kampani imene ikukulipiritsani SSL wamba pachaka, kapena imene ikukaniza kuika yaulere, ikukuuzani kale mmene idzakuchitireni pa zinthu zina.

Onaninso mtundu wa PHP umene akupereka. PHP 7.4 inasiya kulandira zokonza za chitetezo mu November 2022, choncho kampani iyenera kukhala ndi mitundu yatsopano ya PHP 8 ndi kukulolani kusankha. Mafayilo azitumizidwa ku seva kudzera pa njira yotetezedwa ya SFTP, chifukwa njira yakale ya FTP imatumiza pasiwedi yosabisika. Akaunti ya hosting ndi ya domain zikhale ndi chitsimikizo chachiwiri polowa, chija chimafuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi. Ngati mukugulitsa pa intaneti, manambala a makhadi a makasitomala asamasungidwe pa seva yanu. Ntchito imeneyo isiyireni kampani yolandira malipiro imene imatsatira malamulo oteteza makhadi otchedwa PCI DSS.

Imelo yaulere yobwera ndi shared hosting imakopa, koma ili ndi chofooka chimodzi chachikulu. Mumatumiza kudzera pa adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa seva pa intaneti) imodzi ndi anzanu onse a pa sevayo. Mmodzi akayamba kutumiza maimelo achinyengo, adiresiyo imaikidwa pa mndandanda woletsedwa, ndipo ma invoice anu amayamba kugwera mu spam. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Wotumiza aliyense ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza maimelo okwana 5,000 patsiku ku Gmail ayenera kukhala ndi zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC. Iyi ndi mizere ya mu DNS imene imatsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa mwini dzina. Funsani ngati kampani imaikonza yokha. Bizinesi imene imadalira imelo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ingachite bwino kuisiyanitsa, n'kuiika ku Google Workspace, Microsoft 365 kapena Zoho Mail. Mukatero, seva ya webusaiti ikazima maimelo amafikabe. Yesaninso fomu ya pa webusaiti kamodzi pamwezi podzitumizira uthenga, chifukwa fomu imasiya kutumiza mwakachetechete, mwini wake n'kumadabwa kuti makasitomala achepa bwanji.

Mtengo weniweni ndi anthu oyankha

Mtengo wolembedwa ndi zilembo zazikulu nthawi zambiri ndi wa nthawi yoyamba yokha, ndipo umafuna kuti mulipiriretu miyezi 24 kapena 36. Nthawiyo ikatha, mtengo wopitirizira umakwera, nthawi zina kuwirikiza kawiri kapena katatu. Poyerekeza makampani, werengerani ndalama zonse za zaka zitatu kapena zinayi pa mtengo wopitirizira, muphatikize domain, backup, imelo ndi msonkho. Pa tsamba lolipirira, yang'anani timabokosi timene tadinidwa kale, chifukwa m'menemo mumabisala zowonjezera zimene simunapemphe. Makampani ambiri amabweza ndalama m'masiku 30 oyamba, koma ya domain sabweza. Kwa kampani imene simunaiyesepo, kulipira chaka chimodzi kapena miyezi ingapo n'kwanzeru kuposa kudzimanga zaka zitatu.

Mindandanda ya "makampani abwino koposa" imene ili ponseponse pa intaneti muziiwerenga mosamala, chifukwa olemba ambiri amalandira kangachepe munthu akagula kudzera pa linki yawo. Njira yodalirika ndi kuyesa nokha. Musanagule, lemberani kampaniyo funso lenileni, mwachitsanzo la masiku a backup kapena malire a inodes, ndipo mulitumize usiku kapena Lamlungu. Onani kuti ayankha patatha nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati ayankha funso lanulo kapena angokutumizirani mawu okonzedwa kale. Kumbukirani kuti ogulitsa amayankha msanga kuposa akatswiri okonza, choncho m'masiku 30 oyambawo yesaninso akatswiriwo.

Tsiku losamuka

Ngati mwatsatira zonsezi, kusamuka ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Tsegulani akaunti yatsopano pamene yakale idakali ndi masabata awiri kapena kuposa. Tsiku limodzi kapena awiri musanasamuke, lowani mu DNS mutsitse TTL. Iyi ndi nambala ya masekondi imene makompyuta ena amasunga adiresi yanu asanafunsenso. Ikakhala 86,400, ena apitiriza kupita ku seva yakale kwa tsiku lathunthu, koma mukaitsitsa kufika pa 300 kusintha kumafalikira m'mphindi zochepa. Lembani kapena jambulani mizere yonse ya DNS mmene ilili, makamaka MX, SPF ndi DKIM, chifukwa mukasintha ma nameserver, maseva amene amasunga kaundula wa DNS yanu, mizere imeneyi sisamuka yokha, ndipo apa m'pamene maimelo a anthu ambiri amasowera.

Koperani mafayilo ndi database ku seva yatsopano, muyese webusaiti pa adiresi yongoyembekezera kapena posintha fayilo ya hosts pa kompyuta yanu, imene imalozetsa dzina ku seva yatsopano pa kompyuta yanu yokha. Ngati ndi sitolo, imitsani maoda kwa kanthawi kochepa, mutenge kope lomaliza la database, kenako musinthe mzere wa A. Onetsetsani kuti satifiketi ya SSL yatuluka pa seva yatsopano, chifukwa kawirikawiri imatuluka dzina likayamba kuloza kumeneko. Maimelo akale amene ali pa seva yakale akopedwe kudzera pa IMAP, njira yolumikizira mabokosi a imelo, kupita ku mabokosi atsopano, bokosi lililonse palokha. Akaunti yakale isatsekedwe mpaka patadutsa sabata imodzi zonse zikuyenda, ndipo musanaitseke, tsitsani kope lomaliza la zonse n'kuzimitsa zoti izidzilipira yokha.